Tinyumba ta alendo ku Mfuwe: sindinalipire kaye

Abale anga, ndinatsala pang'ono kutaya ndalama zanga za penshoni. Kampani ina ikugulitsa tinyumba ku Mfuwe, pafupi ndi South Luangwa, ati tizichititsa lendi kwa alendo odzaona nyama. Zithunzi zake pa Facebook n'zokongola, mpaka amayi a kunyumba anayamba kusankha makatani!

Alamu anga ndiwo anati tifufuze kaye. Ku PACRA, ofesi ya boma yolembetsa makampani, tinapeza kuti kampaniyo ndi yolembetsedwa ndithu. Koma titafunsa taitulo ya malowo, anangotionetsa kalata ya amfumu. Kalatayo ndi poyambira chabe. Pafunikanso khonsolo ya Mambwe ivomereze, kenako a Unduna wa za Malo apereke lizi, ija ya zaka 99. Zonsezi sanayambe n'komwe. Setifiketi ya womanga yochokera ku NCC, bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga, ati ikubwera.

Loweruka ndinapita ndekha kukaona. Nyumba ziwiri zilibe denga, ndipo anthu a pamudzipo anandilozera pamene madzi amafika Luangwa akasefukira. Iiih, pakhomo penipeni! Paja miyezi ya mvula alendo amachepanso kwambiri.

Dipoziti ikadali m'thumba mwanga. Lolemba ndikaonana ndi loya kuno ku Chipata.