Chinjoka cha pa nsalu yobiriwira

Loweruka usiku, ku Chibavi. Tulo takana. Kaya ndi khofi ndamwa madzulo uja, kaya ndi nkhope ya bambo anga.

Anabwera sabata yatha kuchokera ku Ntcheu, ndipo kuzizira kwa Mzuzu mu Julaye kwawatsekera m'nyumba, tsiku lonse ali pambaula. Ndiye ndinati tiyeni tikaonere kanema kuholo ina m'tauni, komwe anyamata amaika pulojekita ndi masipika aakulu. Filimu yake ya zombo za mlengalenga, nkhondo pa dziko lina, chinjoka chamapiko cholavula moto.

Chinjokacho chitangotulukira, bambo anandigwira mkono n'kubwerera m'mbuyo ndi mpando womwe. Mtima utakhala pansi anati, mokweza ndithu: "Azungu akauluka mumati sayansi. Agogo anu akanakwera lichero mukanawapirikitsa m'mudzi." Mzere wakumbuyo unafa nacho chiseko. Iwo anakoza chipewa, kunyadira.

Apo mwana wanga wa sitandade 6 analowerera. "Agogo musaope, n'zabodza izi. Anthuwo amaima kutsogolo kwa nsalu yobiriwira, zinazo amachita kujambula pa kompyuta. Komanso kumwambako kulibe mpweya, phokoso la mabombali silingamveke." Sananame ngakhale pamodzi. Ine ndinaseka, kuseka kwa kholo loona kuti fizi sikupita pachabe. Bambo anangoti, "Oo, chabwino aphunzitsi." Kuyambira pamenepo anapinda manja, ziii, mpaka filimu kutha. Mtedza womwe anausiya.

Chikundiwawa n'choti awa ndi omwe ankatiuza tili ana kuti mu 1969 atamva pa wailesi kuti munthu waponda pamwezi, anatuluka panja usiku kukausuzumira mweziwo. Ankafotokoza maso ali mwee, ife kukamwa yasa. Wailesi ya kanema ya dziko lino inadzayamba mu 1999, iwo imvi zitayamba kale. Lero anadabwanso monga kale, ine n'kuthandizira kuwaseka.

Mai a mwana akuti ndikukuza nkhani, mwina anangotopa ndi phokoso. Mwinadi. Mwana ndimudzudzule chiyani, poti ananena zoona?

Pobwerera kamvula kakuwaza, tikudikira akabaza, anandiyandikira n'kufunsa chapansipansi kuti mdzukulu asamve: "Nanga moto uja, nawonso ngwa kompyuta?" Ndinati eya. Anagwedeza mutu, n'kukokera kolala ya jekete m'makutu.

Ndikuwamva akutsokomola kuchipindako. Ndiwapatsire bulangete lina kaye.