Zaka 18 za Jürgen Klopp ku Mainz

Usiku wa pa 7 Meyi 2019 tinadzazana m'kanyumba koonetsera mpira pa Nchalo, jenereta ikulira kuseri, thukuta likuyenderera ngakhale dzuwa linali litalowa kalekale. Panali patangopita miyezi iwiri chisefukire madzi kuno kuchigwa, ndipo ena amene tinakhala nawo pabenchi anali asanamalize kudzutsa makoma a nyumba zawo. Liverpool inali kubwerezana ndi Barcelona mu mpikisano wa makalabu a ku Ulaya wa Champions League, itagonja kale 3-0 ku Barcelona m'masewera oyamba, Salah ndi Firmino ali ovulala, koma Alexander-Arnold atamenya kona yamwadzidzidzi ija n'kupeza Origi, amene anamwetsa chigoli chachinayi, bambo wina wodula nzimbe amene sindinkamudziwa n'komwe anandikumbatira mpaka benchi linagwa.

Anthu akamakamba za Jürgen Klopp, amene anali mphunzitsi wa Liverpool panthawiyo, amayambira pamenepo, kapena pa ligi ya 2020 imene Liverpool inaidikira zaka 30. Ine, monga munthu amene ndimaphunzitsa timu ya anyamata madzulo ndikaweruka, mtima wanga uli pa zaka zake za ku Mainz.

Klopp anabadwira ku Stuttgart, m'dziko la Germany, mu 1967, ndipo sanali katswiri pabwalo. Kuyambira 1990 mpaka 2001 anasewera timu imodzi yokha, Mainz 05, ya mu ligi yachiwiri, poyamba kutsogolo kenako n'kubwezedwa kotchinga kumbuyo, ndipo yunifolomu ya timu ya dziko lake sanaivalepo. Chimene anatola m'zaka zimenezo ndi nzeru za mphunzitsi wake Wolfgang Frank, amene ankati timu yopanda akatswiri ikhoza kugonjetsa ya akatswiri ngati osewera onse akuyenda pamodzi ndi kupanikiza mdani. Mu Febuluwale 2001, timu ili pangozi yotsika, akuluakulu anamuchotsa pakati pa osewera anzake n'kumupatsa udindo wa mphunzitsi, ndipo anaipulumutsa.

Zotsatira zake ndi zimene zimandigwira mtima. Mu 2002 Mainz inalephera kukwera mu Bundesliga, ligi yaikulu ya ku Germany, chifukwa cha pointi imodzi. Mu 2003 inapambana masewera omaliza 4-1 ku Braunschweig, osewera ali pafupi kuyamba chisangalalo, koma Eintracht Frankfurt inagoletsa m'mphindi zothera n'kuwapitirira ndi chigoli chimodzi chokha. Akuluakulu a timu sanamuthamangitse. Mu 2004 Mainz inakwera koyamba m'mbiri yake, ndipo ngakhale pamene inatsikanso mu 2007 anakhala nayo chaka china, n'kutsanzikana nayo mwaulemu mu 2008. Za ku Dortmund, kumene anatenga ligi mu 2011 ndi 2012, aliyense amazidziwa.

Ndikunena zimenezi chifukwa chaka chatha ndinaona mnzanga amene anaphunzitsa timu ina ya kuno zaka zitatu, akugulira anyamata madzi ndi ndalama za m'thumba mwake, akuchotsedwa pansi pa mtengo atagonja masewera atatu otsatizana. Amene anatsogolera kumuchotsa ndi omwewo amene amavala malaya ofiira a Liverpool Loweruka n'kumatamanda Klopp. Zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe, chifukwa anyamata asanu anasiya kubwera kubwalo sabata yomweyo.

Sikuti zonse za Klopp zingatheke kuno. Mpira wake wothamangira kulanda mdani mpira akangoutaya umafuna mapapo awiri, ndipo aliyense amene anayesapo kuthamanga pabwalo lafumbi la ku Ngabu kapena ku Bangula mu Okutobala akudziwa kuti dzuwa lathu silichita chibwana. Ine ndimauza anyamata anga kuti apanikize mphindi khumi zoyambirira za chigawo chilichonse, kenako abwerere m'malo awo. Timayamba zokonzekera cha m'ma 4:30 madzulo, chigubu cha madzi chili pamthunzi, ndipo mnzanga uja tsopano ndi amene akuyang'anira otchinga kumbuyo athu.