Zikomo kwa inu amene mumandimvera Lachitatu lililonse

Dzulo ndagona koyamba m'nyumba ya malata yomwe mwandimangira. Ndikuti mwandimangira chifukwa ndikayamba kuwerenga njerwa, mitengo ya denga, misomali ndi matumba a simenti, zomwe ndinagula ndi ndalama zanga sizingamalize ngakhale khonde. Mphindi 30 za pulogalamu yathu ya ulimi ya pa wailesi sizingakwane kuti ndikuthokozeni mokwanira, n'chifukwa chake ndalemba pano.

Amene mwayamba kumvera posachedwa mwina simukudziwa za kope lija. Ndinaliyamba nyengo ya dzinja ya 2016 mpaka 2017, pamene mbozi za ntchemberezandonda zinafika m'minda mwathu n'kuyamba kudya chimanga kuchokera mkati. Mauthenga anasefukira. Ena pa SMS, ena m'makalata olembedwa pa pepala long'amba m'kope la mwana wa sukulu, obwera ndi anyamata a kabaza kuchokera ku Chiringa ndi ku Migowi, kuno ku Phalombe. Ambiri munkangofulasha, podziwa kuti ndikaona nambala ndidzaimba. Ndinaona kuti ndikadalira mutu wanga ndidzaiwala anthu, choncho funso lililonse ndinkalilemba, pamodzi ndi mudzi wa wofunsayo, ndipo ndikayankha ndinkachonga. Kope likadzaza ndinkagula lina n'kulisoka pamodzi ndi loyambalo.

Pulogalamu ikatha, ntchito inali isanathe. Ndinkakhala pakhonde madzulo kuimbira amene sindinathe kuwayankha pa wailesi, mayunitsi akatha n'kupitiriza mawa lake. Funso lomwe sindinkalidziwa ndinkapita nalo kwa alangizi a zaulimi, chifukwa mlimi akakhulupirira mawu a pa wailesi amakawachita m'munda mwake, ndipo ukamunamiza chaka chake chonse chapita. Ena munkandikalipira, makamaka nthawi yomwe maina anu sanatuluke pamndandanda wa feteleza wotsika mtengo. Mawu otukwana sindinkawawerenga pa wailesi, koma dandaulo lenilenilo ndinkaliwerenga, kenako n'kumuimbira mwini wake payekha. Nthawi zambiri munthu amene analemba mokwiya usiku, m'mawa ankalankhula ngati m'bale, chifukwa chomwe chinkamupweteka chinali kusamvedwa.

Panali abambo ena achikulire a kufupi ndi phiri la Michesi amene sankandilekerera ngakhale sabata imodzi. Tsiku lina ndinanena kuti mankhwala a mbozi mutha kupopera nthawi iliyonse mukapeza mpata. Anaimba pulogalamu ili mkati. Anati, "Mwana wanga, masana mbozi imabisala mkati mwa nsonga ya chimanga. Popera m'mamawa kapena dzuwa likupendeka, apo ayi ukungotaya ndalama." Ndinakafunsa kwa alangizi ndipo anandiuza kuti abambowo anena zoona. Lachitatu lotsatira ndinayamba pulogalamu ndi kupepesa ndi kukonza. Iwo omwewo ndi amene anatiphunzitsa tonse zothira dothi kapena phulusa m'nsonga, komanso msuzi wa usipa wosakaniza ndi shuga woitana nyerere kuti zidye mbozi. Anthu ena ankandifunsa chifukwa chomwe ndimawapatsirabe mpata abambo ovuta aja. Ine ndinkadziwa kuti amene amakudzudzula sabata iliyonse ndiye kuti samaphonya pulogalamu.

Kenako inafika mvula ya Freddy, m'masiku apakati pa Malichi 2023. Simufuna kuti ndikukumbutseni. Ku Chilobwe ku Blantyre matope ochokera kuphiri la Soche anakwirira nyumba, ku Ntauchira ku Chiradzulu mudzi unapita, kwa Nkhulambe kuno kwathu madzi ndi miyala zinasesa zonse, ndipo dziko lino linataya anthu oposa 1,000. Akuluakulu ankati zangofanana ndi napolo wa 1991, ena ankati zaposa. Ine ndinatuluka usiku nditabereka mwana, amayi anga nditawagwira dzanja. Khoma la kum'mawa linagwa tisanafike patali, ndipo denga linatsatira. Tinapulumuka tonse, ndipo pa ichi ndimathokoza Mulungu tsiku lililonse, podziwa kuti ambiri a inu munaika m'manda okondedwa anu, ena simunawapeze n'komwe mpaka lero.

Makope aja anapita ndi madzi. Mafunso a zaka zisanu ndi chimodzi. Pamsasa, tili m'kalasi ya sukulu ya pulayimale anthu ambirimbiri, ndinalira chifukwa cha makopewo, ndipo ndinachita manyazi kulirira mapepala pakati pa anthu olira maliro.

Nditabwerera pa wailesi patapita milungu, ndinangotchula mwachidule kuti amene ndinali ndisanakuyankheni mundikhululukire, kope lapita. Sindinapemphe kanthu. Sabata yomweyo mafunso anayamba kubwereranso, ena a chaka chathachi, olembedwanso mwatsopano, ndipo pansi pa ambiri panali mawu oti, "Nanga inuyo mukugona kuti?" Zaka zonsezi ndine amene ndinkaimba. Tsopano foni yanga inkalira kuyambira m'bandakucha.

Gulu lomvera wailesi la amayi a ku Migowi, inu amene munandiumbira njerwa pamene nyumba zanunso zinali zogumuka, sindidziwa kuti ndinene chiyani. Anyamata a kabaza amene munkanyamula makalata, munanyamulanso mchenga osalandira kanthu. Inu amene muli ku Johannesburg ndi ku Cape Town, amene mumamvera kudzera pa foni za abale anu, munatumiza pa Airtel Money ndi pa Mpamba, ena osatchula dzina. Ndalama ina inafika kumapeto kwa 2023, kwacha itangotsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, simenti itakwera moti ndinali nditasiya kuganiza zomanga. Mayi wina wa ku Muloza ananditumizira nandolo wa mbewu m'botolo, atalembapo kuti mlangizi wa pa wailesi asakhale wopanda munda. Ndinabzala, ndipo ndiwo zomwe tadya dzulo m'nyumba yatsopano ndi zochokera ku mbewu imeneyo.

Ndipo abambo a ku Michesi aja. Anabwera pa njinga yakapalasa atamangirira mitengo iwiri ya bulugamu, ulendo wa maola angapo, pa msinkhu wawo. Inali nthawi yoyamba kuonana maso ndi maso. Anayendera maziko, n'kundiuza kuti ndakumba pafupi kwambiri ndi njira ya madzi, ndisunthe. Amisiri anadandaula, koma tinasuntha. Mvula ya chaka chathachi madzi anadutsa ndendende pomwe ndinkafuna kumanga poyamba. Abambo, ngati mwana wanu akukuwerengerani izi, dziwani kuti mitengo yanu ndi yomwe yanyamula denga la kuchipinda kwa amayi anga.

Kwa anzanga a kuntchito amene munayendetsa pulogalamu pamene ndinali pamsasa, ndi kwa alangizi amene simutopa ndi mafunso anga, zikomo kwambiri.

Kope latsopano lafika kale tsamba 140. Muli mafunso 11 omwe sindinachonge, ambiri okhudza kasungidwe ka nandolo kuti asafumbwe ndi kapangidwe ka manyowa a Mbeya. Lachitatu likudzali tiyamba ndi amenewo. Amene muli pafupi, Loweruka masana bwerani kunyumba kuno, amayi anga akonza thobwa, ndipo akuti akufuna kuona nkhope za anthu amene ankangowamva mawu.