Sabata ya madandaulo a makhansala

Lolemba ndinapeza anthu atakhala kale pabenchi panja pa ofesi yathu ku Limbe. Ntchito yathu ndi kupereka uphungu wa zamalamulo mwaulere basi, koma zotsatira za makhansala zikangotuluka anthu amatithamangira ngati mavotiwo tinawerenga ndife.

Amene ndinakhala nawo nthawi yaitali ndi bambo ena omwe anaima paokha m'wodi ina mumzinda muno. Anabwera ndi jumbo yodzaza mapepala. Akuti pamalo ena oponyera voti manambala omwe mamonitala awo anaona sakufanana ndi omwe analengezedwa, komanso mnzawo amene anapambana ankagawa ndalama ndi shuga nthawi ya kampeni.

"Bambo, monitala wanu analemba dandaulo pomwepo?"

"Anayankhula, achimwene. Anthu onse anamva."

Apa m'pamene pamandivuta nthawi zonse. Lamulo limafuna dandaulo lolembedwa, liyambire pamalo pomwe vuto lachitikira, likakanika lipite ku MEC, bungwe loyendetsa zisankho, ndipo wosakhutira ndi chigamulo cha MEC apite ku High Court. Zoyankhula pakamwa usiku wowerenga mavoti, anthu atatopa, tochi ili m'manja, sizisiya mapazi. Monitala mmodzi anasainanso fomu ya zotsatira osawerenga chifukwa ankathamangira kabaza.

Lachiwiri ndi Lachitatu tinakhalira kugawa nkhani yawo m'zidutswa. Za shuga ndi ndalama zili m'lamulo la zipani la 2018, ndipo amaziona ndi mlembi wa zipani. Za mapulaimale, zomwe bambowa akuti anawabera asanaganize zoima paokha, n'za m'chipani, MEC sizikuikhudza. Anafunsa za Ombudsman, ofesi yomva madandaulo a anthu. Ndinawauza kuti malamulo aakulu a dziko amalola ofesiyo kufufuza pokhapokha ngati munthu alibe njira yoti khoti limuthandize, ndipo pa zisankho njirayo ilipo. Anangopukusa mutu.

Kenaka anakumbutsa za 2020. Aliyense amatero. Inde, pa 3 February chaka chimenecho khoti linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, nkhani ya tipeksi ija. Koma kumeneko kunali maloya ambirimbiri, mafomu a m'malo ochuluka ndi mboni za miyezi. Munthu wa wodi imodzi, amene anagulitsa njinga yamoto kuti asindikize mapositala, angazitenge kuti zimenezo? Ndipo wofuna kutsutsa zotsatira ali ndi masiku 7 okha kuchokera tsiku lolengeza, Loweruka ndi Lamulungu kuwerengera momwemo.

Lachinayi ndinaimbira maloya awiri. Wina anatchula mtengo, bambo aja n'kuseka mokhala ngati akutsokomola.

Lachisanu ndinawalembera kalata yopita kwa mlembi wa zipani, poti ndi yokhayo imene tikanatha. Ku High Court ku Chichiri sanapite. Potuluka anasiya jumbo ija patebulo panga, ati ndiwasungire, mwina idzagwira ntchito chisankho chikubwerachi. Ili mu kabati, pansi pa ina ya 2019.