Mmene ndinakonzera mapu a dera lathu pogwiritsa ntchito deta yaulere ya boma

Komiti ya chitukuko ya dera lathu, lomwe lili m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi mumzinda wa Lilongwe, inagwirizana zopempha khonsolo kuti itimangire kamlatho ka anthu oyenda pansi ndi kutikonzera ngalande zikuluzikulu, ndipo ine ndinapatsidwa ntchito yokonza mapu oti apite limodzi ndi kalata yopemphayo. Kuyambira pamene madzi anasefukira ku Mtandire mu Febuluwale 2017, aliyense wokhala m'mbali mwa Lingadzi amadziwa zimene mtsinjewu ungachite, koma kudziwa kwathuko kunali kwa pakamwa chabe, pomwe akatswiri okonza mapulani a mzinda amagwira ntchito ndi mapu ndi manambala. Ndikulongosola pano njira imene ndinatsata, kuti makomiti ena ofuna kuchita zomwezi aone poyambira.

Ndisanatsegule kompyuta ndinalemba papepala funso limodzi lokha limene mapuwo ankayenera kuyankha: kodi mvula yamphamvu ikagwa, ndi njira ziti zimene zimaduka, nanga ndi anthu a mbali iti amene amalephera kufika kusukulu, kumsika ndi kuchipatala? Funso limeneli ndi lomwe linandiuza zofunika kusaka, zomwe zinali malire a dera, mitsinje, misewu, malo a masukulu ndi zipatala, chiwerengero cha anthu, komanso kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Amene wayamba popanda funso amatha bandulo yake potsitsa mafayilo omwe sadzawagwiritsa ntchito.

Malo oyamba amene ndinapita ndi tsamba la pa intaneti la MASDAP, kapena kuti Malawi Spatial Data Platform, lomwe boma linakhazikitsa mothandizidwa ndi World Bank kuti nthambi zosiyanasiyana, monga ya Surveys yoona za kuyeza malo ndi ya DoDMA yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ziziika mapu awo pamalo amodzi pomwe aliyense angawapeze osalipira. Kumeneko gulu lililonse la zinthu lili pa layer yakeyake: mitsinje payokha, misewu payokha, masukulu paokha. Musanatsitse layer iliyonse, werengani kaye mawu ofotokoza amene anaikonza, chaka chimene anaikonzera ndi sikelo yake, ndiye kuti kuchepetsedwa kwa malo pa mapuwo. Mapu amene anakonzedwa kuti aonetse dziko lonse la Malawi amajambula mtsinje ngati mzere wosalala, osaonetsa makhotakhota ake, ndipo kwa ife mavuto onse ali pa makhotakhotawo. Malire a maboma ndi a madera ndinawafananitsanso ndi amene ali pa tsamba la Humanitarian Data Exchange la bungwe la United Nations, omwe amachokera ku National Statistical Office.

Mafayilo ambiri amabwera a mtundu wa shapefile, ndipo fayilo imene imaoneka ngati imodzi imakhala ndi anzake: ya .shp imasunga maonekedwe a zinthu, ya .dbf imasunga mayina ndi manambala, ya .shx imalumikiza ziwirizi, ndipo ya .prj imanena muyeso wa malo umene anagwiritsa ntchito, ndiye kuti njira yowerengera manambala oloza pamene chinthu chili padziko. Zonsezi ziyenera kukhala mu foda imodzi. Potsegula ndinagwiritsa ntchito QGIS, pulogalamu yaulere yomwe imagwira ntchito ngakhale pa laputopu yakale, ndipo mukaiika pa kompyuta simufunikanso intaneti kuti muone mafayilo amene mwatsitsa kale.

Nkhani ya muyeso wa malo ndi imene ndikufuna kuchedwapo, chifukwa ikhoza kuwononga ntchito yonse popanda wina kuzindikira. Mapu akale a boma, monga aja a 1:50,000 amene ambiri tinawaona m'kalasi la jogalafe, anakonzedwa pa muyeso wa Arc 1950, pomwe mafoni athu, zithunzi za satelayiti ndi OpenStreetMap (mapu a pa intaneti amene amajambulidwa ndi anthu ongodzipereka) zimagwiritsa ntchito WGS 84. Miyeso yonse iwiri ndi yolondola, koma manambala omwewo amaloza malo osiyana ndi mamita mazana awiri kapena atatu. Pa mapu a dziko lonse kusiyana kumeneku sikuoneka, koma m'dera lothinana ngati lathu kukhoza kuika sukulu kutsidya lina la mtsinje. Choncho pa layer iliyonse ndinkayang'ana muyeso wake, ndi kuzisandutsa zonse kuti zikhale pa WGS 84, UTM zone 36 South, womwe umawerengera mitunda m'mamita. Kenako ndinasankha malo amene sasuntha, monga mlatho waukulu wa msewu wa tala ndi mphambano ya misewu iwiri, n'kuona ngati akugwera pamodzi pa layer zonse ndi pa chithunzi cha satelayiti. Sindinapitirire kufikira nditakhutira kuti zonse zagwirizana.

Chiwerengero cha anthu ndinachitenga m'malipoti a kalembera wa 2018 amene National Statistical Office ya ku Zomba inatulutsa. Kalemberayo anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe, ndipo amagawa chiwerengerocho potsata ma Area. Ndinachilemba pa mapu monga momwe chilili, pamodzi ndi chaka chake, osachiwonjezera mongoganizira, ngakhale tonse tikuona nyumba zatsopano zikumangidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Nambala yakale yodziwika gwero lake ndi yosavuta kuiteteza pamsonkhano kusiyana ndi nambala yatsopano yopeka.

Za kukwera ndi kutsika kwa nthaka ndinagwiritsa ntchito deta ya SRTM, imene boma la America linatolera mu Febuluwale 2000 ndipo limaipereka kwaulere. Kadontho kake kamodzi kamaimira malo a mamita 30 mulitali ndi mulifupi, kotero imaonetsa bwino chigwa cha mtsinje ndi mbali imene madzi amalowera, koma singaone ngalande, khoma la mpanda kapena dzenje lomwe oumba njerwa anasiya.

Nditasanjikiza zonsezi ndinali ndi mapu ooneka bwino, koma ana athu sakanatha kupeza pa mapuwo njira yawo yopita kusukulu. Deta ya boma inali ngati nsanamira ndi denga la nyumba yomwe sinaphomedwe: yolimba, yoongoka, koma yosatheka kugonamo. Misewu ikuluikulu inalipo, koma tinjira timene anthu ambiri amayendamo, masiteji a kabaza, makiyosiki a madzi, zigayo ndi malo amene anthu amawolokera podumpha miyala sizinalipo. Izi si zodabwitsa, popeza madera ngati athu anakula popanda pulani, ndipo amasintha mofulumira kuposa mmene ofesi iliyonse ingawayezere. Mapu a OpenStreetMap anali ndi nyumba zambiri ndi tinjira tina, koma wojambula ali kutali poyang'ana chithunzi sangadziwe kuti kanjira kena kamasanduka mtsinje mu Januwale. Mbali imeneyi inafunika kuyenda wapansi.

Tisanayambe kuyenda tinakaonana ndi amfumu ndi ma block leader, ndipo sitepe imeneyi siyenera kudumphidwa. Anthu okhala pamalo opanda mapepala akaona achinyamata akujambula nyumba ndi foni amaganiza zoti abwera kudzawagwetsera nyumba kapena kuwalanda malo, ndipo mantha amenewa ali ndi maziko ake. Tinagwirizana pamaso pa amfumu kuti sitilemba dzina la mwini nyumba aliyense kapena malire a puloti ya munthu, koma njira, ngalande, malo owolokera ndi pamene madzi amafika. Amfumu analengeza nkhaniyi pamsonkhano wa m'dera, ndipo anatipatsa munthu woyenda nafe m'chigawo chilichonse.

Mafunso tinawakonza pa KoboToolbox, pulogalamu yotolerera mayankho yomwe imalola kulemba pa foni popanda intaneti n'kutumiza pambuyo pake. Pamalo aliwonse tinkaima kaye pabwalo poyera mpaka foni itaonetsa kuti ikulozera malowo molondola, chifukwa pansi pa mitengo ndi pakati pa nyumba zothinana imasochera ndi mamita angapo. Umboni wofunika kwambiri unali pa makoma. Mayi wina wachikulire anatitengera kuseri kwa nyumba yawo, n'kutisonyeza mzere wa matope umene unatsala pa njerwa, m'munsi pang'ono mwa zenera. Nditawafunsa kuti, "Amayi, kodi madziwa anachokera kumtsinje?" anayankha kuti ayi, anatsika kuchokera kumtunda kudzera m'ngalande yomwe inatsekeka ndi zinyalala, ndipo a mumtsinje anafika pambuyo pake. Tinayeza kutalika kwa mzerewo ndi tepi, ndipo kuyambira pamenepo tinkafunsa paliponse mbali imene madzi anachokera, osati pamene anafika pokha. Mayankho ake anatisonyeza kuti mbali ina ya vuto lathu ndi ya ngalande, yomwe ingakonzedwe ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi mlatho.

Nditaika madontho onsewa pamwamba pa deta ya boma, mapu anasintha maganizo a komiti. Ambiri ankafuna kamlatho pafupi ndi msika, koma pamenepo magombe onse awiri ndi otsika ndipo amamira, kotero kamlathoko kakanaima pakati pa madzi popanda njira yofikirapo. Chakumtunda pang'ono magombe ndi okwera, ndipo tinjira ta ana a sukulu timakumana pomwepo. Panali kukambirana kwakutali, chifukwa a malonda anali ndi zifukwa zawo zomveka, koma aliyense ankaloza pa pepala limodzi, ndipo pomaliza tinagwirizana zopempha malo a kumtundawo.

Chimene sichinali pa intaneti ndi pulani ya khonsolo yoonetsa malo osungidwira misewu ndi ngalande zam'tsogolo. Imeneyi tinaipempha polemba kalata motsata lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, ndipo limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe. M'kalatamo tinatchula dera, mtundu wa pulani ndi cholinga chathu momveka, ndipo tinasunga kope lodindidwa tsiku lolandirira. Tinafunika pulaniyo kuti tisapemphe kamlatho pamalo amene anakonzedwera ntchito ina.

Mapu omaliza ndinawasindikiza pa pepala la A3, okhala ndi muyeso wa mitunda, muvi woloza kumpoto ndi tanthauzo la zizindikiro m'Chichewa ndi m'Chingerezi. M'munsi mwake ndinalemba gwero ndi chaka cha layer iliyonse, ndipo zimene tinatolera tokha ndinazipatsa mtundu wosiyana ndi wa zochokera ku boma, kuti injiniya wowerenga adziwe zomwe angadalire nthawi yomweyo ndi zomwe ayenera kubwera kudzatsimikiza ndi zipangizo zake, popeza foni siingalowe m'malo mwa saveya. Kope limodzi tinapereka kwa akhansala, lina ku nthambi ya khonsolo yoona za mapulani ndi zomangamanga, ndipo lina linatsala kwa amfumu. Tinjira, masiteji a kabaza ndi makiyosiki a madzi tinaziika pa OpenStreetMap kuti aliyense azitha kuziona ndi kuzikonza, koma madontho a nyumba zimene zinalowa madzi tinawasunga m'mafayilo a komiti okha, monga tinalonjezera eni ake.