Supuni yomangirira pachivundikiro

Mu Januwale 2023, boma litachedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre ndi Lilongwe chifukwa cha kolera, ahedi anandiitanira mu ofesi n'kundiuza kuti nkhani ya ukhondo wa pasukulu aisiya m'manja mwanga. Pakona panali chidebe cha kolorini wa ufa uja amati HTH, ndowa zingapo, matsache ndi zikolopa. Malangizo panalibe, ndipo inenso sindinafunse.

Mantha a kolera anali atandigwira, choncho ndinkangotapa ufawo ndi kapu n'kuthira m'ndowa mpaka fungo litandilowa m'mphuno. Tinakolopa makalasi onse, tinathira m'maenje a zimbudzi, otsala tinakhuthulira m'ngalande. Ana atabwera, a Sitandade 2 amene amakhala pansi anayamba kutsokomola ndi kutikita m'maso, ndipo poweruka mayunifolomu ena anali atachita mawanga oyera kumbuyo. Udzu wa m'mbali mwa ngalande unapsa. Ngalande imeneyo imatsikira ku Nasolo, kumene amayi a kuno ku Ndirande amachapa zovala.

Mlangizi wa zaumoyo atafika sananene zambiri. Ananunkhiza ndowa, n'kundiyang'ana. "Madamu, kolorini ali ngati mchere. Mukachulutsa mwaononga ndiwo." Anatulutsa supuni yaikulu m'chikwama chake, ndipo phunziro lonse linachitikira pakhonde.

Supuni imodzi yosefukira ayi, yofafaniza pamwamba, imatenga magalamu pafupifupi 15. Imodzi yokha mu bigiri ya malita 20 imapanga madzi a 0.05 peresenti, osambira m'manja. Masupuni anayi mu bigiri yomweyo ndi 0.2 peresenti, okolopera pansi ndi kupukutira zitseko ndi masilabu a zimbudzi. Mwana akasanza kapena kudzithandizira m'kalasi, mpamene mumapanga amphamvu aja a 2 peresenti, masupuni awiri m'lita imodzi ya madzi, ndipo lita imodziyo imakwana. Ine ndi kapu yanga ndinkakolopera makalasi ndi mphamvu yoyenera kuthira pa masanzi a wodwala kolera. Ofuna kugwiritsa ntchito Jik ya 3.5 peresenti, kapu imodzi imafuna makapu 16 a madzi kuti ifike pa 0.2 paja.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti kolorini sachotsa litsiro. Mukamuthira pamatope kapena pazonyansa, mphamvu yake imathera pamenepo asanaphe kachilombo kalikonse. Ndiye dongosolo tinalisintha. Poyamba timawaza madzi pang'ono pansi kuti fumbi lisabuke, n'kusesa. Kenako sopo wa ufa ndi madzi, kukwecha ndithu. Kolorini amabwera pomaliza, ndipo malo ake ndi ochepa: zimbudzi, zogwirira zitseko, mipopi, ndi pamene amaphikira phala. Mukathira mumadikira mphindi 15 musanatsukuluze, osati kuthira uku mukupukuta. M'makalasi wamba, masiku amene kulibe mliri, sopo ndi mawindo otsegula zimatikwanira.

Pa zimbudzi ndinakangana ndi agadi athu, bambo achikulire amene akhala pasukulupa kuposa aphunzitsi tonse. Iwo amati mankhwala azithiridwa m'dzenje kuti fungo lithe. Mlangizi anawafotokozera mwaulemu kuti, "Bambo, m'dzenjemo muli tizilombo tothandiza timene timawoletsa zonyansa. Mukatipha, chimbudzi chidzadza msanga." Kupopa chimbudzi chodzadza ndi ndalama zimene komiti ya sukulu ilibe, ndiye agadi anagonja, ngakhale mpaka lero amang'ung'udza. M'dzenje timathira phulusa lochokera kukhitchini ya phala, limene kale tinkangotaya kudzala. Limachepetsa fungo ndi ntchentche. Pabowo lililonse tinaikapo chivundikiro chathabwa chokhala ndi chogwirira chachitali, choti mwana azinyamula osakhudza pansi pake.

Mphunzitsi mnzanga wina anabwera ndi nzeru ya pa Facebook yakuti mandimu ndi viniga ndiwo mankhwala osaononga chilengedwe. Pochotsa fungo ndi zoyera zouma pamipopi zimathandizadi, koma kolera musamudalire ndimu. Choopsa n'kusakaniza. Viniga kapena mankhwala otsukira zimbudzi zamadzi akakumana ndi kolorini amatulutsa mpweya wopweteka m'mapapo. Ngakhale mkodzo wokhalitsa m'kokodzera anyamata umachita zofananako, n'chifukwa chake timayamba tathirapo madzi ambiri.

Madzi a kolorini sagona. Dzuwa ndi kutentha zimawathera mphamvu, choncho ndimapanga ongokwana tsikulo, m'mawa ana asanafole, m'ndowa zapulasitiki zokhala ndi zivundikiro chifukwa zachitsulo zimachita dzimbiri. Ndikatakasa ndimadikira kuti nsenga zoyera zikhale pansi, n'kutsanulira apamwambawo m'ndowa ina. Kuyeza ndi ntchito yanga kapena ya agadi, titavala magolovesi. Mwana sakhudza ufa umenewu, ngakhale akhale prifekiti wanzeru bwanji. Chidebe chimakhala m'sitolo yokhoma, pouma, kutali ndi parafini.

Funso la ngalande lija linatha ndi khasu. Makolo anakumba dzenje kuseri kwa zimbudzi, kutali ndi mtsinje, n'kulidzaza miyala. Madzi okolopera onse amapita m'menemo. A sopo okha ochokera posambira m'manja tinawalondolera ku nthochi, ndipo nthochizo sizinadandaule.

Chimene chinandisowetsa tulo kwambiri ndi sopo. Ukaika mtanda pa mpondagiya m'mawa, pofika nthawi ya buleki wasowa. Ndinayesa kuuboola n'kumangirira chingwe, chingwe chinadulidwa. Sindiwada anawo, kunyumba kwawo sopo ndi wa mavuto. Amayi a gulu lothandiza atsikana pasukulu ndiwo anandipulumutsa. Masupuni awiri a sopo wa ufa m'botolo la lita imodzi ndi theka, kudzaza madzi, kukhutchumula, kuboola chitsekerero ndi msomali. Thovu limatuluka bwinobwino, ndipo palibe amene angabe madzi a thovu kukachapira malaya. Mabotolowo ana amatola okha, ndiye ndi pulasitiki yochepa yopita kumtsinje. Masiku amene mipopi yauma timatunga madzi m'zigubu n'kudzaza mipondagiya, ndipo sopo akatheratu phulusa limagwira ntchito.

Namondwe Freddy atagwa mu Malichi chaka chomwecho, anthu othawa madzi ndi matope anagona m'masukulu ambiri a mu mzinda muno. Titabwerera m'makalasi ntchito inali yaikulu, koma ulendo uno tinayamba ndi mafosholo ndi sopo, kolorini pambuyo. Chidebe chimene mu Januwale ndinatsala pang'ono kuchimaliza pa masiku atatu chinatifikitsa kumapeto kwa temu.

Supuni ya mlangizi ija anatisiyira. Inasowapo kawiri, ulendo wina ndinaipeza mu sitafu rumu wina akutakasira tiyi, mtima wanga unachita kuti myuu. Pano ndinaiboola chogwirira n'kuimangirira ndi waya pachivundikiro cha chidebe, ndipo miyezo itatu ija ndinailemba ndi penti pakhoma la sitolo, pamalo oti ngakhale nditasamutsidwa mawa, wobwerayo aiwone asanatape.