Zimene ndaphunzira pa ntchito ya Heiko ndi Eva Braak

Aliyense wophunzira za matenda a ubongo amakumana ndi dzina lakuti Braak, kawirikawiri pa tebulo loloweza: siteji I mpaka VI ya matenda a Alzheimer, omwe amachititsa munthu kuiwala zinthu. Ambiri timangoloweza n'kupitirira, poti mayeso amangofuna manambalawo. Ine ndinafuna kudziwa kumene manambalawo anachokera, ndipo ndapeza kuti nkhani yake ndi yokoma kuposa tebulolo.

Heiko Braak ndi katswiri wa kapangidwe ka ubongo wa ku Germany, wobadwa mu 1937 ku Kiel. Zaka zambiri anagwira ntchito pa yunivesite ya ku Frankfurt pamodzi ndi mkazi wake Eva Braak, yemwenso anali wasayansi wodziimira payekha. Mzinda wa Frankfurt ndi womwewo umene Alois Alzheimer anaonera Auguste Deter mu 1901, mayi wa zaka 51 yemwe anasokonezeka maganizo n'kumaiwala zinthu. Mayiyo atamwalira mu 1906, Alzheimer anapima ubongo wake napeza zinthu ziwiri: timibulu tomwe taunjikana kunja kwa maselo a ubongo, ndi tiulusi tokulungana m'kati mwa maselowo. Lero tikudziwa kuti timibulu tija ndi puloteni yotchedwa amyloid, pamene tiulusi tija ndi puloteni ina yotchedwa tau. Kwa zaka zoposa 80, opima ankadziwa kuwerenga zinthu zimenezi mu ubongo wa munthu amene anadwala kwambiri. Chimene sankachidziwa bwino ndi poyambira pake ndiponso njira imene zimadutsa.

Apa ndi pamene banja la a Braak linalowera. Mu 1991 linafalitsa kafukufuku wa ubongo wa anthu 83 omwalira, ena amene anadwala matenda oiwalawa, ena amene anafa ali bwinobwino m'mutu. Kuphatikizapo anthu osadwalawo n'kumene kunatsegula nkhani yonse, chifukwa ukamangoyang'ana ubongo wowonongekeratu suona pamene vuto linayambira.

Kapimidwe kawo kanandichititsa chidwi. Mu labotale wamba, kachidutswa ka mnofu kopita pa maikulosikopu kamadulidwa kopyapyala kwambiri, ndipo kamachokera pa kamalo kakang'ono. A Braak ankadula zidutswa zochindikala kangapo, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, ndiponso zazikulu zotenga dera lotambalala la ubongo. Kenako ankazithira mankhwala a siliva mwa njira imene anapeza Ferenc Gallyas wa ku Hungary, yomwe imadetsa tiulusi ta tau kuti tioneke takuda bii. Pa chidutswa chotere, malo ogwidwa amaoneka ngati mzere wakuda umene munthu angauone asanakuze n'komwe chithunzi, ndipo malire a pamene matenda afika ndi pamene sanafike amaonekera poyera.

Atayala zidutswazo anaona kuti amyloid siyenda mwadongosolo lodalirika: wina ali nayo yambiri, wina yochepa, mosagwirizana kwenikweni ndi kukula kwa matenda. Tau inali yosiyana. Nthawi zonse inkayambira pa kadera kakang'ono ka m'kati mwa ubongo, cha kuseri kwa litsipa, kotchedwa transentorhinal cortex. Imeneyi ndi siteji I ndi II, ndipo munthu pamenepa sadziwa kuti china chake chikuchitika. Pa siteji III ndi IV imakhala italowa mu hippocampus ndi madera oyandikana nayo, omwe amasunga zinthu zongochitika kumene. Pa V ndi VI imafalikira kumadera akunja a ubongowo, kumene kumakhala kulankhula, kuzindikira nkhope ndi kulingalira. Sanapeze ubongo wokhala ndi tiulusi kumadera akunjawo koma poyambira paja pali poyera.

Ndinakhala nthawi ndikulimbana ndi funso limodzi. Munthu aliyense anapimidwa kamodzi kokha, atamwalira. Nanga munthu anganene bwanji kuti matenda "amayenda" kuchoka apa kupita apo, pamene sanaone ubongo umodzi ukusintha? Zili ngati munthu amene sanaonepo chimanga chikukula, koma tsiku limodzi wayendera minda yambiri, ina yobzalidwa ndi mvula yoyamba, ina mochedwa. Akaona kuti phesi lililonse la chisononkho lili kale ndi ngaiyaye, koma si lililonse la ngaiyaye lomwe lili ndi chisononkho, angathe kudziwa chimene chimayamba. Ndi kulingalira kwanzeru, koma kuli ndi malire: sikukuuza liwiro lake, ndiponso sikukutsimikizira kuti aliyense woyamba ulendowu adzafika kumapeto. Umboni wina unabwera patapita zaka zoposa 20, makina a PET atayamba kujambula tau mu ubongo wa anthu amoyo. Kwa odwala ambiri, zithunzizo zimatsata njira yomweyo imene a Braak anajambula ndi siliva. Si onse ayi. Pali ena amene matenda awo amayamba ndi vuto la kuona kapena la kulankhula, ndipo tau yawo imaunjikana mosiyana.

Dongosololi limafotokoza chinthu chimene aliyense wosamalira agogo odwala matendawa amachidziwa. Madera a ubongo oyendetsa miyendo ndi manja amagwidwa kumapeto kwenikweni. N'chifukwa chake munthu amatha kudzuka usiku, kutsegula chitseko n'kuyenda mtunda wautali, pamene mbali yokumbukira njira yobwerera inawonongeka kalekale. Kwathu kuno, nkhalamba yopezeka m'bandakucha pakhomo pa eni, isakudziwa dzina lake kapena kumene yachokera, nthawi zambiri imanenedwa kuti yagwa pa ndege ya ufiti, ndipo ena amenyedwa mpaka kuphedwa chifukwa cha zimenezi. Sindikunena kuti aliyense wotere ali ndi matenda a Alzheimer, koma miyendo yamphamvu ndi mutu woiwala n'zimene siteji V imapereka.

Chaka chomwecho cha 1991, gulu la John Hardy ndi Alison Goate ku London linapeza vuto m'chibadwa cha banja lina, pa jini yopanga amyloid. Kuyambira pamenepo ndalama zambiri za kafukufuku wa mankhwala zinathamangira ku amyloid, ndipo tau inatsala m'mbuyo. Mankhwala a lecanemab, omwe anavomerezedwa ku America mu 2023, amachotsadi amyloid, koma pa kuyesa kwa miyezi 18 anangochepetsa liwiro la kufooka kwa ubongo ndi 27 peresenti. Ine ndikuona kuti zimene a Braak anaona, zoti tau ndiyo imayenda limodzi ndi zizindikiro, zinayenera kumvedwa msanga.

Eva Braak anamwalira mu 2000. Heiko anapitiriza ntchito ndi Kelly Del Tredici, kenako anasamukira ku Ulm. Mu 2011 anafalitsa zotsatira za ubongo wa anthu 2,332 a zaka kuyambira 1 mpaka 100, ndipo anapeza tau yosokonekera ngakhale mwa achinyamata, makamaka pa kamalo ka m'tsinde la ubongo kotchedwa locus coeruleus. Apa akatswiri agawanika. Ena amati tau yochepa yopanda amyloid ndi ukalamba chabe, ndipo mu 2014 anaipatsa dzina lakelake lakuti PART. A Braak amati ndi chiyambi cha matenda omwewo. Pa mkanganowu ndikutsamira kwa oyambawo, chifukwa anthu ochuluka amafa okalamba ali pa siteji II osadwalapo.

Mbali imene ndikuwerenga panopa ndi ya matenda a Parkinson, omwe amachititsa kunjenjemera ndi kuuma thupi. Maria Grazia Spillantini wa ku Cambridge ataonetsa mu 1997 kuti zotupa za m'maselo a odwalawa zimapangidwa ndi puloteni ya alpha-synuclein, a Braak anaitsata mwa njira yawo yomwe ija. Mu 2003 ananena kuti imayambira pa minyewa ya kununkhiza ndi pa tsinde la mtsempha wa vagus, umene umalumikiza ubongo ndi m'mimba, ndipo imafika ku substantia nigra, gwero la kunjenjemera ndi kuuma thupi, pa siteji yachitatu. Anapitiriza kuganiza kuti mwina vutolo limachokera m'matumbo n'kukwera ndi mtsemphawo. Ambiri anaona ngati wapitirira muyeso. Komabe madokotala amadziwa kuti odwala ambiri amayamba kudzimbidwa ndi kusamva fungo zaka zambiri dzanja lisanayambe kunjenjemera. Kafukufuku wa ku Denmark wa mu 2015 anapezanso kuti anthu amene anadulidwa mtsempha wa vagus wonse pochiza zilonda za m'mimba ankadwala Parkinson mocheperako. Pali odwala ena amene ubongo wawo sutsata masiteji amenewa, choncho ofufuza ena tsopano akuti matendawa angakhale a mitundu iwiri, wina woyambira m'matumbo, wina woyambira mu ubongo momwemo.